Thirakitala Yakale Ikamawira ndi Kuwomba

Adzukulu anga, inu amene mwayamba kugwira sipanala ku Bolero, ku Mhuju, ku Mwazisi, ku Hewe ndi pa Boma pa Rumphi, anyamata ndi atsikana omwe, senderani kuno ndikuuzeni za injini ya petulo ya thirakitala yakale. Ndikudziwa kuti mathirakitala ambiri amene mukuwaona akugalauza minda ndi kukoka mabelo a fodya masiku ano ndi a dizilo. A petulo atsala owerengeka, ndipo ena angokhala pansi pa mitengo m'maesiteti akale, matayala ataphwa. Koma alipo amene akulirabe, ndipo eni ake akakuitanani dandaulo limakonda kukhala limodzimodzi: ikutentha mpaka madzi kuwira, ndiponso ikuwomba, phaa! phaa!, mpaka ana kuthawa. Zimene ndinene pano zidzakuthandizaninso pa injini ya pampu yothiririra kudimba, pa jenereta, ndi pa galimoto zakale za kabuleta zimene zikukwerabe mapiri a ku Phoka.

Yodziwika kwambiri mwa zakalezi ndi kathirakitala kotuwa ka Ferguson, kamene kankapangidwa ku Coventry, ku England, kuyambira 1946 mpaka 1956. Anapanga topitirira 500,000 n'kutifalitsa m'mayiko ambiri, ndipo mu Januwale 1958 Edmund Hillary anakafika ku South Pole, kumalo a chisanu chosaneneka, ndi mathirakitala atatu a mtundu womwewu. Choncho musakanyoze poona dzimbiri. Ndi chitsulo chopangidwa moti munthu wakumudzi athe kuchikonza ndi zipangizo zochepa. Dziwani kaye mtundu umene mwaupeza. Kalipo ka petulo yekha, kalipo ka dizilo, ndiponso kalipo kamene thanki yake ili ndi zivindikiro ziwiri, koyambira pa petulo n'kusinthira ku mafuta a mtundu wa palafini injini ikafunda. Kotsirizaka mukakapatsa palafini kasanafunde kamalavula ndi kuwomba ngakhale kalibe matenda alionse.

Chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: kutentha ndi kuwomba zikabwera pamodzi, kawirikawiri gwero lake limakhala limodzi. Wophunzira kumene amazigawa pawiri. Redieta aitumiza kwa owotcherera, kabuleta aimwaza yonse pa thumba la feteleza, mawa lake wayamba kale kumasula hedi. Pakutha pa sabata thirakitala ili zidutswazidutswa, mvula yagwa, munda sunalimidwe, ndipo chimene chinavuta palibe akuchidziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanatsegule bokosi la zipangizo, khalani pansi ndi mwini wake kapena dalaivala, muwafunse mwaulemu: Bambo, zinayamba liti? Chinatsogola n'chiti, kuwira kapena kuwomba? Imatentha ngakhale ikulira pamalo, kapena pokhapokha pulawo ikalowa pansi? Anaigwira komaliza ndani, ndipo anasintha chiyani? Petulo ali m'thankimu anachokera papampu kapena m'chigubu? Mayankho ake amafupikitsa ntchito kuposa sipanala iliyonse.

Mukaipeza ili chiwirire, nthunzi ili tolotolo, musakhudze chivindikiro cha redieta. Madzi a m'menemo amakhala atapanikizika, ndipo akangopeza mpata amatumphukira kumaso. Dikirani mpaka paipi yapamwamba ifewe moti n'kuigwira ndi dzanja, kenako muphimbe chivindikirocho ndi chiguduli n'kupotokola pang'ono, nthunzi iyambe yathawa. Musalolenso munthu kuthamangira ku Rukuru ndi ndowa kuti adzathire madzi ozizira m'injini yamoto. Chitsulo chotentha chikazizira modzidzimutsa chimang'aluka, ndipo hedi kapena buloko ya thirakitala ya zaka 70 simungaipeze m'sitolo wamba. Samalaninso ndi moto. Pa Ferguson thanki ili pamwamba penipeni pa injini. Kabuleta ikalavula lawi petulo akudontha, udzu utauma, pafupi ndi chigafa chofolera ndi udzu, mungataye zambiri kuposa thirakitala. Ikokereni pabwalo poyera, mchenga ukhale pafupi, ndipo musasuzumire kukamwa kwa kabuleta mnzanu akuliza injini.

Ikazizira, yambani ndi zooneka ndi maso. Suzumirani m'timipata ta redieta molunjika kumene kuli dzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, mphepo nayo siikudutsa. Fumbi la m'chigwa cha Nkhamanga, tizidutswa ta mapesi ndi ta udzu timamatirira pamenepo, makamaka pakakhala kaoyilo. Tsukani ndi madzi kuchokera kumbali ya fani kupita kunja, mofatsa, osatokosa ndi waya, mungaboole timapaipi. Dinani lamba wa fani ndi chala chachikulu pakati pa mapule. Alowe sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Lamba wolefuka, wosalala mpaka kunyezimira, amangoterereka, fani ndi pampu ya madzi n'kumayenda mwaulesi. Womangitsitsa nayenso amadya mabeyaring'i. Injini ili chizimire, gwedezani fani ndi dzanja. Ikamagwedera, kapena mukaona mzere wa dzimbiri pansi pa pampu, pampuyo yatopa. Finyaninso paipi yapansi, chifukwa ikakalamba imadzifinya yokha injini ikathamanga, madzi n'kusowa podutsa.

Chivindikiro cha redieta anthu amachiyesa chotsekera chabe, ena mpaka amatsekapo ndi chitsononkho chokulunga m'pulasitiki. Chili ndi sipuling'i ndi kalabala, ndipo ntchito yake ndi kupanikiza madzi kuti asawire msanga. Kwathu kuno zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa tili pamtunda. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100. Pa Boma pa Rumphi, pamene pakwera mamita opitirira 1,000, amawira asanafike pa 97, ndipo ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, amawira cha pa 92. Chivindikiro chakufa chingawiritse injini imene ilibe vuto lina lililonse. Koma musaikepo cha galimoto zamakono, chifukwa n'cholimba kwambiri ndipo chingang'ambe redieta yokalamba. Funani cha mphamvu yochepa, choyenera thirakitalayo.

Nanga madzi amene mumathiramo ndi otani? Tsegulani ketulo imene yakhala ikuwiritsa madzi a pamjigo chaka chonse, muone zoyerayera zimene zagwira pansi pake. M'redieta ndi m'buloko mumachitika zomwezo, ndipo madzi a mumtsinje amawonjezerapo matope. Injini ikafunda, izimitseni, muyendetse chikhatho pa redieta. Pamene pakuzizira pakati pa potentha, timapaipi tatsekeka. Tsegulani timipopi tiwiri totayira madzi, ka pansi pa redieta ndi ka pa buloko. Ka pa buloko kakapanda kutulutsa kanthu, katokoseni, mudzaona phala la dzimbiri likutuluka. Tsukani mpaka madzi ayere, ndipo mvula ikayamba tungani a padenga musunge m'chigubu choyera. Amenewo ndiwo abwino, makamaka mukawasakaniza ndi mankhwala oteteza dzimbiri. Themositati musaichotse n'kuitaya monga ambiri amachitira. Iyeseni m'poto wa madzi pamoto, itseguke madziwo asanawire. Ikakana, funani ina. Injini yopanda themositati imachedwa kufunda m'mamawa wa Juni ndi Julaye, petulo wosapsa amatsikira mu oyilo, ndipo imatha msanga.

Nthawi zina injini ilibe mlandu. Timalima mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, nthaka ili gwa. Kathirakitala aka mphamvu yake siifika mahosipawa 30, ndipo kanapangidwira pulawo ya makasu awiri. Mukakamangirira yaikulu, n'kuizamitsa, n'kuika giya yapamwamba kuti mumalize maekala a anthu ambiri tsiku limodzi, kadzawira basi. Tsitsani giya, kwezani pulawo pang'ono, ndipo muzilawirira m'bandakucha kuti dzuwa likafika paliwombo mukhale mutapuma.

Tsopano tinene kuti zonsezi zili bwino, koma ikutenthabe ndipo ikuwombabe. Apa ntchito ndi ya khutu. Kuwombako kukutulukira kuti? Ikamatsokomolera ku kabuleta, mobwerera kumene mpweya umalowera, kawirikawiri petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, kapena valavu yolowetsa siikutseka bwino, kapena mawaya a mapulagi asinthanitsidwa. Ikamawombera ku ekizozi, ndiye kuti petulo wosapsa akutuluka m'silinda n'kukayakira m'paipi yotentha: moto ukuchedwa, kapena ukudumphadumpha, kapena valavu yotulutsa yapsa. Pa zonsezi, ziwiri ndi zimene zimabala kutentha ndi kuwomba nthawi imodzi, kuchepa kwa petulo ndi kuchedwa kwa moto.

Ambiri amadabwa akamva kuti petulo wochepa amatenthetsa injini. Amaganiza kuti kuchepetsa mafuta n'kuchepetsa moto, mwina n'kumadzitama kuti apulumutsa ndalama za bwana. Petulo akachepa mu mpweya amayaka mochedwa. Lawi limakhalitsa m'silinda likuwotcha makoma ndi mavalavu, mpaka valavu yolowetsa imatseguka likadalipo, n'kuyatsa zimene zikubwera m'manifodi. Ndiko kutsokomola mukumvako. Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ikulira, kokani choki pang'ono. Ikasalala, mwapeza, ili ndi njala. Tsatani njira ya petulo kuyambira pamwamba. Kabowo kopumira ka pa chivindikiro cha thanki kamatsekeka ndi fumbi. Kakapu kagalasi ka pansi pa thanki kadzakuonetsani madzi ndi dzimbiri, ndipo pamwamba pake pali kasefa kofuna kutsuka. Masulani paipi pa kabuleta, petulo atsikire m'botolo. Azituluka mosadukiza kwa mphindi yathunthu, osati kuyamba mwamphamvu kenako n'kumangodontha. Majeti auzireni ndi mpope wa njinga. Singano imawakulitsa, ndipo jeti yokula siibwerera. Palinso mpweya wolowera pambali, pa gasiketi ya manifodi yopsa kapena pa manifodi yong'aluka. Donthezani oyilo m'mbali mwa gasiketiyo injini ikulira pang'onopang'ono. Kaliridwe kakasintha, mpweya ukubera pamenepo, ndipo ngakhale mutachuna kabuleta tsiku lonse simungapindule kanthu musanatseke malo amenewo.

Petulo wa ku Malawi ali ndi khalidwe limene amisiri a ku Coventry sanaliganizire. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ETHCO inayamba ntchito ku Dwangwa, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe, ndipo mu 2004 kunawonjezeka PressCane ku Chikwawa. Zimenezi zimathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, ndipo sindikuzinyoza. Koma ethanolo amakoka chinyezi, amasungunula litsiro lakale la m'thanki n'kulitsitsira ku kabuleta, amafewetsa mapaipi akale a labala, ndiponso amafuna kulowa wochulukirapo pang'ono kuti injini ikhute. Kabuleta imene inachunidwa moumira imasanduka yanjala. Injini itafunda, tsegulani sikuluwu ya jeti yaikulu pang'onopang'ono, mpaka mukaipatsa mafuta modzidzimutsa izilandira osatsokomola. Mtunda nawonso umalowapo. Thirakitala yochunidwa ku Livingstonia, kumene mpweya ndi wopepuka, mukatsika nayo pa Gorodi kukalima ku Chitimba kapena ku Chiweta, imakapeza mpweya wolemerapo ndi dzuwa la kunyanja, ndipo ingafune kuiwonjezera pang'ono. Petulo wa m'zigubu, amene timakakamizika kugula mafuta akasowa monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 ndiponso m'zaka zaposachedwazi, muzimuthira kaye m'botolo loyera kuti adikhe. Madzi amatsikira pansi, mudzawaona. Mukamva fungo la palafini, musathire m'thanki.

Tibwere ku moto. Pulagi iyenera kuthetheka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, kuti mphamvu yonse ya kuyakako iikankhe potsika. Moto ukachedwa, pisitoni imakhala itayamba kale kutsika, ndipo mphamvu imene inayenera kupita kumatayala imangosanduka kutentha, kulowa m'madzi ndi m'manifodi. Thirakitala imafooka, imamwa kwambiri, imawira, ndipo kukada mungaone manifodi itafiira psuu. Musathamangire kupotoza disitiribyuta. Yambani ndi mapoyinti, chifukwa kachidendene kake kakamatha mpata umachepa, ndipo mpata ukachepa moto umachedwa wokha popanda munthu kukhudza kanthu. Ayeretseni, muike mpata wa pafupifupi mamilimita 0.4 ndi filageji. Kenako gwirani rota, muipotoze pang'ono kumene imazungulira n'kuisiya. Ibwerere yokha. Ikakhala youma, ndiye kuti tizitsulo tolemera ta pansi pake, timene timafulumizitsa moto injini ikathamanga, tagwidwa ndi dzimbiri. Thirakitala yotere imalira mokoma pabwalo, mwini wake n'kukulipirani mosangalala, koma ikangolowa m'munda imawira. Vuto limeneli lachititsa kuti maredieta ambiri abwinobwino achotsedwe pachabe, pamene chofunika chinali kutsuka tizitsulo tija n'kutithira timadontho ta oyilo.

Mukatsimikiza zimenezi, lembani chizindikiro pa disitiribyuta ndi pa buloko kuti mudziwe pobwerera, kenako muchune taimingi motsatira kabowo kapena chizindikiro cha pa fulaiwilo. Musapyole muyeso. Moto wofulumira kwambiri umagogodetsa injini ikalemedwa, nawonso umatenthetsa, ndipo poliza ndi handulo umabweza ndi mphamvu yothyola dzanja. Pogwira handulo chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zinzake, ndipo muzikoka chokweza. Mawaya a mapulagi pa Ferguson amatsata dongosolo la 1-3-4-2, kuwerenga kuyambira ku redieta; awiri akasinthana, kuwomba kwake kumamveka mudzi wonse. Yang'anani ming'alu m'chivindikiro cha disitiribyuta. Thirakitala ikamalira bwino theka la ola, kenako n'kuyamba kuwomba n'kuzima, ikazizira n'kuliranso, kayikirani kondensa kapena koyilo. Mathirakitala oyambirira anali a mavoti 6, ndipo wina akaikamo batire la mavoti 12 osasintha koyilo, koyiloyo imatentha, mapoyinti n'kumapsa.

Mapulagi ndi mboni zosanama, choncho amasuleni onse anayi muwandanditse monga anakhalira. Nsonga yofiirira pang'ono ndi ya injini yathanzi. Yoyera mbuu ikunena za njala ndi kutentha. Yakuda ndi mwaye ikunena kuti petulo wachuluka, kapena sefa ya mpweya, ija yokhala ndi oyilo pansi, yadzaza matope. Pulagi imodzi ikaoneka yotsukika pamene zinzake zili zakuda, m'silinda imeneyo mukulowa madzi.

Apa ndi pamene mungayambe kuganiza za m'kati. Injini izi zinapangidwa m'masiku a petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu. Kuyambira 2006 mayiko a kuno kumwera kwa Sahara anausiya petulo ameneyo, ndipo anachita bwino chifukwa mtovu umawononga ubongo wa ana. Koma pa injini yakale yogwira ntchito yolemera, valavu yotulutsa imamira pang'onopang'ono pokhalira pake, mpata wa pa matapeti umatha, valavu imaleka kutseka, kenako imapsa. Yezani mipata imeneyi injini ili yozizira, cha pa mamilimita 0.25 mpaka 0.3, chaka chilichonse musanayambe kulima. Gasiketi ya hedi ikapsa imadziulula: thovu losalekeza m'redieta injini ikangolira, madzi ochepa tsiku ndi tsiku popanda podontha, utsi woyera, ndi oyilo wotuwa pa kamtengo koyezera. Mukafika pochotsa hedi, dziwani kuti masilinda a injini iyi ndi masilivi ochotseka, ozingidwa ndi madzi. Apanikizeni ndi mawashala aakulu pa mabawuti musanazunguze injini, apo ayi adzakwera pamodzi ndi mapisitoni, zotsekera za pansi pake zidzasokonekera, ndipo madzi adzayamba kutsikira mu oyilo. Hedi ikayezedwe ngati yapindika, ndipo pobwezera mangani mabawuti kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono.

Boma lathu lino lili ndi mbiri ya ntchito zamanja. Dr Robert Laws atakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu, ndipo ophunzira ake anakagwira ntchito kutali, mpaka ku migodi ya ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Joni. Inu mukulowa mu mzere umenewo, kaya munaphunzira ku Livingstonia Technical College kapena pansi pa mtengo kwa amalume anu. Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, musanakhudze china. Mukasintha zinayi nthawi imodzi, ngakhale ichire simudzadziwa chimene chinaichiza, ndipo mawa mudzayambiranso mumdima. Vuto likakhala lamba wa fani, auzeni eni ake kuti ndi lamba wa fani, mulandire za lamba wa fani. Mlimi amene mukumukonzerayo mwina ndalama zake zonse zili m'fodya amene sanagulitsidwe ku okushoni ku Mzuzu. Mukapita kukagula sipeya, nyamulani chakalecho m'thumba mukafanizire, chifukwa ulendo wa ku Mzuzu wobwerera chinthu cholakwika umadya phindu lonse. Pamene pakuvutani, akuluakulu amene anayendetsa timathirakitala iti m'maesiteti akadalipo m'midzimu; pitani kwa iwo, safunsa anadya phula.

Aphunzitseninso madalaivala kazimitsidwe. Injini yochokera m'munda ikazimitsidwa ili pa liwiro, imapitiriza kukoka petulo n'kumutayira mu ekizozi yotentha, ndipo kuwomba kumene kumatsatira kungang'ambe sailensa. Azibweza mafuta, ilire pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi azungulire, kenako azimitse. Ikamapitiriza kugwedezeka kiyi atazimitsa, ndiye kuti m'silinda muli mwaye wonyeka kapena ikulira mothamanga kwambiri pamalo. Ija ya zivindikiro ziwiri aziibwezera ku petulo asanaizimitse. Nyengo yolima ikatha, tsekani kampopi ka pansi pa thanki, ilire mpaka kabuleta iume, khuthulani kakapu kagalasi, vindikirani ekizozi ndi chitini kuti mvula isalowe, ndipo kamodzi pa mwezi muziiliza mpaka ifunde, kuti mavalavu asagwidwe ndi dzimbiri m'dzinja.